Ulendo wa ku Livingstone kukaona Mosi-oa-Tunya: zoti mudziwe musanakwere basi

Musanafunse za mtengo wa basi kapena za malo ogona, yambani mwasankha mwezi. Ambiri mwa anthu amene amabwerako ku Livingstone, m'Zambia, ali okhumudwa sikuti anaberedwa kapena anagona malo oipa ayi. Anapita m'mwezi wosagwirizana ndi zimene mtima wawo unkafuna. Mathithi a Mosi-oa-Tunya, amene ali pa mtsinje wa Zambezi m'malire a Zambia ndi Zimbabwe ndipo pamapu amalembedwa kuti Victoria Falls, amasintha kwambiri pachaka moti amene anawaona mu Epulo ndi amene anawaona mu Novembala angatsutsane mpaka kukwiyirana, chonsecho onse akunena zoona.

Chimachititsa ndi ulendo wa madziwo. Zambezi umayambira kumpoto chakumadzulo kwa Zambia, cha ku Mwinilunga, umalowa mu Angola, kenako umabwerera m'Zambia n'kudutsa m'chigwa chachikulu cha Alozi. Mvula ya Disembala ndi Januwale imayamba yadzaza kaye chigwacho, madzi n'kumatsetsereka pang'onopang'ono, ndiye amafika pamathithi mochedwa. N'chifukwa chake mtsinje umakhala utadzaza zedi cha mu Epulo, pamene kwathu kuno mvula yayamba kulekeza. Kuyambira Malichi mpaka Meyi mudzamva mkokomo muli kutali, utsi wa madzi mudzauona musanalowe n'komwe m'tawuni, koma mukafika pafupi utsi womwewo umakuphimbirani mathithiwo ndipo mumanyowa mpaka zamkati. Mu Sepitembala madzi amakhala atachepa kwambiri, ndipo pofika Okutobala ndi Novembala mbali ya Zambia imatsala thanthwe lakuda ndi timadzi tochepa totsikira apa ndi apo. Zithunzi zimene zinafala chakumapeto kwa 2019, anthu n'kumati mathithi auma, zambiri zinajambulidwa mbali imeneyi m'chaka cha chilala. Tsidya la Zimbabwe madzi ankagwabe.

Ngati ndi ulendo wanu woyamba, ine ndinganene kuti pitani mu Juni, Julayi kapena kumayambiriro kwa Ogasiti. Madzi amakhala adakali ambiri, utsi wachepako moti khoma lonse la madzi limaoneka, ndipo dzuwa silipweteka. Tengani juzi chifukwa m'mamawa kumazizira. Amene mukufuna kupita ndi ana, tchuthi chachitali cha sukulu chimagwera nthawi yabwino yomweyi. Okutobala ndimamuopa: ku Livingstone kumatentha koopsa, ndipo munthu amene wasunga ndalama chaka chonse sayenera kukaona thanthwe louma.

Mapepala ndi ndalama

Mmalawi safunika viza polowa m'Zambia, m'Zimbabwe kapena m'Botswana. Chofunika ndi pasipoti imene yatsala ndi miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo isanathe, yokhala ndi masamba opanda kanthu, chifukwa paulendowu mudzadinditsa kangapo. Mukamva alendo anzanu akukamba za viza ya KAZA, musade nkhawa, imeneyo ndi ya anthu ochokera maiko akutali amene amafuna kuoloka pakati pa Zambia ndi Zimbabwe ndi chitupa chimodzi. Pasipotiyo izikhala pathupi panu ngakhale tsiku lopita kumathithi, osati m'chikwama kumalo ogona, chifukwa ndi imene imanena mtengo umene mulipire pachipata.

Nkhani ya ndalama ndiyo yofuna kukonzekera nthawi idakalipo. Kwacha yathu mukangodutsa Chipata simungagule nayo kanthu, ndipo ku Livingstone n'kovuta kupeza woisintha. Mufunika ndalama za mitundu iwiri. Kwacha ya Zambia ndi ya basi, chakudya, takisi ndi pogona. Madola a ku America ndi olipirira pachipata cha mathithi, makamaka tsidya la Zimbabwe kumene pafupifupi chilichonse amatchula mtengo m'madola. Tonse tikudziwa mmene madola amavutira kupeza kwathu kuno, choncho yambani kuwafunafuna kubanki kukadali milungu ingapo. Pemphani ang'onoang'ono, a 1, a 5 ndi a 10, oyera ndi osang'ambika, chifukwa dola yothimbirira amaikana ndiponso chenji chimavuta. Posintha kwacha pa boda werengani nokha ndalama zimene akupatsani musanapereke zanu, ndipo mukatha kuwerenga musazibwezenso m'manja mwa wosinthayo. Zambia inatulutsa ndalama zamapepala zatsopano mu 2025, ndiye onetsetsani kuti akukupatsani zatsopanozo. Mukafika ku Chipata gulani simu khadi ya Airtel kapena MTN, mulembetse ndi pasipoti, muikemo ndalama zina. Kulipira pafoni kuli ponseponse m'Zambia ndipo kumakupulumutsani kuyenda ndi mtolo m'thumba.

Msewu

Kuchokera ku Lilongwe ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 1,200, ndipo pabasi muuwerengere masiku awiri. Tsiku loyamba ndi la Lilongwe mpaka Lusaka. Mumadzera ku Mchinji n'kuoloka pa Mwami, pamene kuyambira mu 2022 maofesi a maiko awiriwa anaikidwa pamodzi moti simuyendanso mtunda pakati pa zidindo ziwiri. Pali mabasi ochoka ku Lilongwe m'mamawa opita mpaka ku Lusaka. Njira ina ndi kukwera minibasi mpaka ku Mchinji, takisi mpaka pa boda, ina mpaka ku Chipata, kugona kumeneko n'kulawirira basi ya mbandakucha. Kuchoka ku Chipata kukafika ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 570, kudutsa Katete, Petauke ndi Nyimba, kenako mapiri okhotakhota otsikira ku mlatho wa Luangwa, pamene basi imaima ndipo amayi amagulitsa nsomba zouma ndi madengu. Mpaka pamenepa chilankhulo ndi chathu chomwe, simudzamva kuti muli kunja.

Ku Lusaka mudzatsikira pa depoti ya mabasi ya Intercity. Oitanira basi akakuzingani gwirani chikwama chanu nokha, yendani mpaka pa kaofesi ka kampani ya basi, gulani tikiti ya mawa m'mamawa, ndipo muone nokha kuti nthawi yonyamukira yalembedwapo. Tsiku lachiwiri ndi makilomita pafupifupi 480, kudzera ku Kafue, ku Mazabuka kumene minda ya nzimbe imatambalala mbali zonse, kenako Monze, Choma, Kalomo ndi Zimba. Mukanyamuka 6 koloko mumafika masana dzuwa litapendeka, nthawi yabwino yofunafuna pogona kukuwala. Khalani pampando wa pawindo, chifukwa m'miyezi ya madzi ambiri, basi ikamatsikira m'tawuni, mudzaona kamtambo koyera kataima malo amodzi chakumwera pamene thambo lonse lili mbee. Mathithi ndi amenewo.

Amene muli ndi galimoto yanu konzekerani chilolezo cholowetsera galimoto kwa kanthawi, inshuwalansi ya COMESA ija ya khadi lachikasu, ndi ndalama za matolugeti. Ndege iliponso, kuchoka ku Lilongwe kupita ku Lusaka, kenako ina kukatera pabwalo la Harry Mwaanga Nkumbula ku Livingstone. Abale athu a ku Bulawayo ndi ku Joni njira yanu yachidule ndi yodzera ku Hwange n'kukafikira tawuni ya Victoria Falls, tsidya la Zimbabwe.

Kogona ndi kodya

Gonani m'tawuni ya Livingstone. Mahotela a m'mphepete mwa mtsinje ndi okongola koma mitengo yake ndi ya madola mazanamazana usiku umodzi, ndipo ndi amenewa amachititsa anthu athu kuganiza kuti malowa ndi a azungu okha. Si zoona. Livingstone ndi tawuni ya anthu wamba, ya aphunzitsi, apolisi, ogwira ntchito kunjanji ndi amayi a pamsika, ndipo ili ndi malo ogona a mitengo yonse. M'misewu yozungulira msewu waukulu wa Mosi-oa-Tunya muli maresitihausi ndi maloji ang'onoang'ono ambiri. Musanalipire pemphani kuona chipinda. Onani ngati muli neti, chifukwa malungo aliko, tsegulani mpopi, ndipo funsani zimene amachita magetsi akazima. Malo ena ali ndi khitchini yoti alendo aziphikira okha, ndipo kwa banja la anthu anayi kapena asanu zimenezi zimachepetsa ndalama kwambiri.

Chakudya sichidzakusowetsani mtendere. Pitani kumsika wa Maramba kapena m'timalesitilanti ta m'tawuni, mudzapeza nsima yotentha ndi nsomba ya mu Zambezi yokazinga, kapenta, nkhuku yachikuda, ndi masamba otendera amene iwo amati ifisashi. Lawaninso chikanda ndi chibwantu, chakumwa cha Atonga chokhala ndi misere ya chimanga. Eni dera ndi Atoka ndi Aleya, ndipo m'tawuni mumamveka Chitonga ndi Chilozi, koma Chinyanja amachimva pafupifupi aliyense. Mukalankhula Chichewa chanu cha kumudzi adzadziwa msanga kuti ndinu a ku Malawi, ndipo nthawi zambiri macheza amayambira pomwepo. Phunzirani kunena "twalumba" pothokoza Mtonga, amasangalala nazo.

Tsiku la mathithi, mbali ya Zambia

Kuchoka m'tawuni kukafika pachipata ndi makilomita pafupifupi 10. Kwerani takisi yokwera anthu angapo yopita ku boda, ndi yotchipa kusiyana ndi kuchita hayala, ndipo gwirizanani mtengo musanakwere. Musayende wapansi msewu umenewu, ngakhale muli ndi mphamvu. Umadutsa m'mbali mwa nkhalango yotetezedwa ndipo njovu zimaoloka pamenepo kupita kumtsinje, makamaka m'mamawa ndi madzulo m'chilimwe. Anthu afapo.

Chipata chimatsegulidwa cha m'ma 6 koloko m'mawa, ndipo fikani m'mamawa momwemo. Anthu amakhala asanachuluke, komanso dzuwa likamatuluka limakhala kumbuyo kwanu n'kumawalira mu utsi, ndiye utawaleza umaoneka bwino kwambiri. Nzika za Zambia zimalipira mtengo wawo wotsika, alendo amalipira wokwererapo. Sungani lisiti.

Valani zovala zouma msanga ndi nsapato zogwira pansi. Patapata amaterera pamiyala yonyowa. Foni, pasipoti ndi ndalama ikani m'jumbo, mumange, muikenso m'jumbo ina. Pafupi ndi njira pali obwereketsa majekete a mvula. M'miyezi ya madzi ambiri jekete limathandiza pang'ono chabe, ndipo ambulera ndiye musavutike nayo n'komwe chifukwa madzi amachokera pansi kukwera m'mwamba.

Mathithiwa ndi otambalala mamita 1,708 ndipo pamene pali patali kwambiri madzi amagwa mamita 108. Pakutalika kokha, a Manchewe ku Livingstonia amawaposa. Chodabwitsa cha kuno n'chakuti mtsinje wonse, wotambalala pafupifupi makilomita awiri, umagwera nthawi imodzi mumng'alu wopapatiza, ndipo inu mumaima tsidya lina la mng'aluwo, maso ndi maso ndi madziwo, pamtunda wofanana ndi pamene akugwera. Simuwaonera m'munsi ngati mathithi ena.

Njira yoyamba imakufikitsani moyang'anizana ndi chigawo chotchedwa Eastern Cataract, kenako pa kamlatho kopapatiza ka oyenda pansi kotchedwa Knife-Edge. Apa ndi pamene ndimafuna aliyense afike. Kamlathoka kali ndi zogwirira mbali zonse, koma pansi pake pali phompho, kumanja kuli khoma la madzi, ndipo mu Meyi madzi amakugwerani ngati wina akukukhuthulirani ndowa pamutu osalekeza. Kupuma kumavuta, maso satseguka bwino, ndipo mnzanu amene ali pambali panu simumumva ngakhale akuwe. Ndinaona agogo ena aakazi atavala chitenje ndi duku, atagwira dzanja la mdzukulu wawo, ataima pakati pa kamlathoka akuimba nyimbo ya kutchalitchi. Mawu sankamveka, ndinkangoona milomo ikuyenda. Yendani pang'onopang'ono, dzanja limodzi pachitsulo, ana akhale kutsogolo kwanu. Mukaoloka mumafika pa kachitunda kokhala ndi mitengo yobiriwira chaka chonse chifukwa cha utsiwo, ndipo kumapeto kwake mumaona pamene madzi onse aja amatulukira pa mpata umodzi wopapatiza. Musathamangire kujambula. Mphepo imakankha utsi n'kuubweza, ndiye mukadikira mphindi zingapo khoma lonse limaonekera kwa kanthawi kenako n'kubisikanso.

Mukabwerako, ngati mawondo anu ali bwino, tsikirani ku Boiling Pot. Ndi njira yotsetsereka kwambiri yodutsa m'nkhalango ya migwalangwa mpaka m'mphepete mwa madzi, pamene mtsinje umazungulira mwaukali usanalowe m'zigwembe za Batoka. Mukakweza maso mumaona mlatho waukulu wolumikiza Zambia ndi Zimbabwe uli m'mwamba. Kutsika n'kosavuta koma kukwera kumatulutsa thukuta, choncho tengani madzi akumwa ndipo muwerengere ola lathunthu kapena kuposerapo. Pali njira inanso yopita kumtunda kwa mathithi, kumene mumaona mtsinje ukuyenda mwaulesi ngati sukudziwa zimene zili kutsogolo. Madzi akachepa, anyamata ena amakunyengererani kuti akuolotseni pamiyala mpaka m'mphepete penipeni. Kanani. Miyalayo ndi yoterera ndipo amene watereka pamenepo sabwerera.

Za anyani ndinene mosabisa. Ndi ambiri, sachita mantha ndi munthu, ndipo amadziwa kuti m'jumbo mumakhala chakudya. Pafupi ndi boda ndinaona nyani wamkulu akuyenda mbali imodzi ndi mayi wina amene ananyamula buledi, n'kungomutsomphola jumbo yonse, kukakhala pamwamba pa thiraki n'kumadya akutiyang'ana. Chakudya chizikhala m'chikwama chotseka, musawapatse kanthu, ndipo akagwira chinthu musalimbane nawo chifukwa amaluma.

Ngati ulendo wanu wagwera pamene mwezi uli wathunthu ndipo madzi ndi ambiri, funsani pachipata za kulowa usiku. Amatsegula masiku ochepa ozungulira tsikulo kuti anthu aone utawaleza wa mwezi, ndipo pamakhala malipiro apadera. Ndi malo ochepa padziko lapansi amene chinthu chimenechi chimaoneka.

Mlatho, ndi tsidya la Zimbabwe

Mukatuluka pachipata, boda ili pafupi pomwepo. Ngati mukufuna kungoima pamlatho osalowa m'Zimbabwe, uzani a imigileshoni kuti mukupita pamlatho pokha. Adzakupatsani kapepala, ndipo pasipoti yanu sadinda. Mlathowu unatsegulidwa mu 1905 ngati gawo la maloto a Cecil Rhodes a njanji yochoka ku Cape mpaka ku Cairo. Iye ankafuna kuti utsi wa mathithi uzigwera pa sitima zikamaoloka, koma anamwalira mu 1902 osauona. Zitsulo zake zinasulidwa ku England, n'kubwera pa sitima yapamadzi mpaka ku Beira, kenako panjanji. Uli mamita 128 pamwamba pa madzi ndipo mpaka lero umanyamula sitima, mathiraki ndi anthu. Thiraki ikamadutsa mumaumva ukunjenjemera kumapazi. Pakati pake ndi pamene anthu amadumpha atamangidwa chingwe m'miyendo, mamita 111 kupita pansi. Kuonerera n'kwaulere. Ogulitsa adzakutsatirani ndi zibangili za kopa, timikanda ta Nyami Nyami, mzimu wa mtsinje wa Atonga, ndi ndalama zakale za Zimbabwe za matriliyoni zija. Ngati simukugula nenani mwaulemu kamodzi n'kupitiriza ulendo.

Koma ine ndikuti, ngati ndalama zilipo, olokani ndithu. Gawo lalikulu la mathithi limaonekera ku Zimbabwe, ndipo chigawo chachikulu cha Main Falls sichiuma ngakhale mu Novembala. Ngati mwapita m'chilimwe, kuoloka si nkhani yosankha, ndi kumene kuli madzi. Mumadinditsa potuluka m'Zambia, kuyenda wapansi kudutsa pamlatho, kudinditsanso polowa m'Zimbabwe, ndipo chipata cha mathithi chili patsogolo pang'ono kudzanja lamanja. Kumeneko mitengo ili patatu, wa nzika, wa anthu a m'maiko a SADC ndi wa ochokera kutali. Ife tili m'gulu lachiwiri, choncho onetsani pasipoti musanalipire. Njira yake ndi yosalala ndipo ili ndi malo oonerera 16, kuyambira pa chipilala cha David Livingstone ndi Devil's Cataract mpaka ku Danger Point, kumene kulibe mpanda ndipo miyala imakhala yonyowa. Mwana musamusiye dzanja pamenepo. Mbali iyi utawaleza umakoma masana dzuwa likapendeka, ndiye amene ali ndi mphamvu angathe kuona Zambia m'mawa ndi Zimbabwe masana. Ine ndingakonde mupatse mbali iliyonse tsiku lakelake.

Tawuni ya Victoria Falls ndi yaing'ono ndipo ili pafupi kwambiri ndi mathithi moti mumayenda wapansi. Zinthu n'zodula kuposa ku Livingstone. Mukamva njala funsani njira ya ku Chinotimba, kumene kumakhala ogwira ntchito m'mahotela, mukadye sadza pamtengo wa anthu. Musadabwe mukamva Chinyanja kumeneko. Agogo ambiri a kwathu anapita kukagwira ntchito kumigodi ya malasha ku Hwange ndi kunjanji m'masiku a atsamunda, ena sanabwerere, ndipo zidzukulu zawo zilipo. Malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 amatchula Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Mukakhala ndi nthawi dutsani pa Victoria Falls Hotel, imene inatsegulidwa mu 1904, muone mlatho muli pakapinga pake, kenako mupitenso mukaone mlambe waukulu umene amautcha Big Tree. Onetsetsani kuti mwabwerera pa boda kusanade.

Zolipira zina

Ponseponse m'tawuni mudzaona zikwangwani za helikopita, za kupalasa bwato m'mafunde a m'zigwembe, ndi za Devil's Pool, kadziwe ka m'mphepete penipeni mwa mathithi kamene amatsegula madzi akachepa, kuyambira cha mu Ogasiti mpaka cha mu Januwale. Zambiri mwa izi zimadutsa madola 100 munthu mmodzi. Ngati muli nazo, chitani, koma kudzera m'makampani ovomerezeka. Ngati mulibe, musadzimvere chisoni, chifukwa chimene mwayendera mtunda wonsewu mwachiona kale pamtengo wa pachipata. Mukati musankhe chimodzi, ndingakuuzeni ziwiri zoti musankhepo. China ndi boti la madzulo kumtunda kwa mtsinje, kumene mumaona mvuu, ng'ona ndi njovu zikumwa madzi dzuwa likulowa. China ndi kulowa m'nkhalango ya Mosi-oa-Tunya kukaona zipembere zoyera, zimene alonda a mfuti amazilondera usana ndi usiku, ndipo amakutengani wapansi mpaka pafupi. Okhala ndi tsiku lapadera amapitanso ku Chobe ku Botswana, kudzera pa mlatho wa Kazungula umene unatsegulidwa mu 2021, makilomita pafupifupi 70 kuchokera ku Livingstone.

Musachoke musanalowe mu Livingstone Museum

Ambiri amaidumpha, ndipo zimandiwawa. Ili pakati pa tawuni, mtengo wake ndi wochepa, ndipo ndi yakale komanso yaikulu kuposa zonse m'Zambia, inayamba mu 1934. Muli makalata ndi katundu wa David Livingstone, mbiri ya mitundu ya anthu a m'Zambia, nkhani ya ufulu wa dzikolo, ndi chifanizo cha chigaza chakale chimene chinapezeka ku Kabwe mu 1921, chimene chenicheni chake chili ku London. Tawuniyi inali likulu la Northern Rhodesia kuyambira 1911 mpaka 1935 pamene likulu linasamukira ku Lusaka, ndipo nyumba zakale za makhonde aakulu zimene mudzaone mumsewu waukulu ndi za nthawi imeneyo.

Kwa ife a ku Malawi pali nkhani ina imene ndimafuna ana athu aziidziwa. Livingstone anafika pamathithiwa pa 16 Novembala 1855, pabwato, ndipo sanawatulukire yekha. Anamuperekeza ndi Akololo, anthu a mfumu Sekeletu, amene ankawadziwa kale ndipo dzina loti Mosi-oa-Tunya ndi la chilankhulo chawo. Patapita zaka, ena mwa Akololo amene ankayenda naye anafika kuchigwa cha Shire, sanabwerere kwawo, ndipo anakhala mafumu. Maina ngati Kasisi, Katunga, Maseya ndi Mlilima ku Chikwawa amachokera kumeneko. Ndiye munthu wa ku Chikwawa akaima pamathithiwa waima m'dziko limene makolo a mafumu ake anachokera, ndipo madzi amene akuwaonawo akukakumana ndi a Shire ku Mozambique asanalowe m'nyanja ya mchere. Mukakhala ndi ana, auzeni zimenezi muli pomwepo.

Mudzi wa Mukuni, likulu la mfumu ya Aleya, uli pafupi ndi mathithi ndipo umalandira alendo. Pitani ngati mmene mungapitire kumudzi kwa eni ake kulikonse: amayi atenge chitenje, perekani moni, ndipo pemphani musanajambule munthu. Ziboliboli zambiri zimene zimagulitsidwa m'tawuni zimasemedwa kumeneko. M'tawuni msika wake uli pa Mukuni Park. Kunenerera n'kololedwa ndipo mtengo woyamba umakhala wokwera, koma kumbukirani kuti munthuyo wasema ndi manja ake masiku angapo, musamufinye mpaka kumulanda.

Pobwerera

Masiku atatu athunthu ku Livingstone amakwanira: limodzi la mbali ya Zambia ndi mlatho, lina la Zimbabwe, lachitatu la myuziyamu, msika ndi boti la madzulo. Mukaphatikiza masiku anayi a pamsewu, ulendo wonse ndi sabata. Tikiti yobwerera gulani dzulo lake, makamaka ngati ndi Lamlungu kapena kumapeto kwa tchuthi, chifukwa mabasi a m'mawa amadzaza msanga. Yanikani zovala ndi nsapato zonse musanazilongedze, apo ayi pofika ku Lusaka chikwama chonse chidzakhala chikununkha chinyezi. Ku Lusaka gonani pafupi ndi depoti kuti musaphonye basi ya m'mamawa ya ku Chipata, ndipo musungeko kwacha ya Zambia yokwanira takisi ya ku Mwami. Yotsalayo musinthire pa boda pomwepo, ndipo ndalama zimene zili m'foni muzitape muli ku Chipata. Mukayamba kudwala mutu kapena kumva kuphwanya m'thupi patatha sabata imodzi kapena ziwiri mutabwerako, pitani kuchipatala mukayezetse malungo tsiku lomwelo.